Dzino Lobenthuka la Mzime

Fakitale ya matiresi itapsa, Dokotala sanatseke chipatala chake cha mano. Anthu anamunena, koma pakamwa pa anthu ndani anaikapo loko? Mlongo wake wamng'ono, mnyamata amene banja lonse linkangomuti Mzime poti ndiye anali womaliza kubadwa, ankawotcherera zitsulo m'fakitale momwemo, ndipo kuyambira m'mawa wa motowo foni yake sinkapezeka. Pakati pa ovulala amene anagonekedwa kuchipatala chachikulu panalibe dzina lake. Pakati pa amene anathawa ndi moyo sanaoneke. Kunatsala ku mochale kokha, kumene kunagona mitembo imene moto unaisiya yoti ngakhale mayi wobala sangaloze kuti wanga ndi uyu.

Koma Dokotala ankadzuka, kusamba, kuvala gauni yake yoyera n'kupita kukasuzumira m'kamwa mwa anthu. Musati anali wolimba mtima, ayi ndithu. Mkati mwake munangoti zii, ngati mlomo wobayidwa jekeseni: ukaukhudza umadziwa kuti ndi wako, koma sukumva kanthu. Ankayembekeza kuti mwina misozi ibwera posamba, mwina pagalimoto, koma sinkabwera. Ndiye ankangopita kuntchito, poti manja ake okha ndi amene ankadziwabe chochita.

Kunyumba kwake kunali anthu awiri amene ankaopa kukumana nawo maso. Amayi ake anabwera ndi kachikwama kamodzi, n'kukokera mpando pawindo loyang'ana kugeti, ndipo pamenepo ndi pamene ankadyera, kupempherera ndi kuwodzera. Munthu akangotchula za maliro, ankamuyang'ana ngati wawatukwana.

"Mwana wanga ndi wamantha," ankatero amayiwo. "Ali wamng'ono akaswa kapu ankabisala mpaka njala imutulutse. Wathawira kwina ameneyo. Akuopa kuti anena kuti moto wayambira kwa iye."

Winayo anali mlamu wake wa Dokotala, mkazi wa Mzime, mtsikana wosalankhulalankhula amene masiku amenewo ankangotsuka mbale zotsuka kale.

Tsiku limene foni ya ku mochale inabwera, pampando panali mphunzitsi wina wopuma pantchito, bambo wolongolola amene ankayesetsa kukamba nkhani ngakhale kukamwa kuli yasa. Dzino lake linali litabooka kwambiri, ndipo Dokotala anali atalisema kuti aliveke chipewa, kachigoba koyera kaja kamene amavindikira nako dzino lowonongeka. Tsopano ankamujambula ndi sikana.

Sikanayo ndiyo inali chuma chake. Kuiona inali ngati mswachi wonenepa wokhala ndi kagalasi kunsonga. Ukaiyendetsa pamwamba pa mano, kenako mkati cha kulilime, kenako kunja cha kutsaya, inkalira kuti tche tche tche, ndipo pakompyuta mano a munthuyo ankamera limodzilimodzi, ndi nkhama zomwe, mpaka kamwa lonse n'kuima pamenepo lopanda mwini wake, loti ulitembenuze ndi chala mmene ungafunire. Kale, kuti apeze chikombole cha mano, ankadzaza phala lozizira m'kathireyi n'kulikanikiza m'kamwa mwa munthu, munthuyo n'kumachita mseru, misozi ili chuchuchu. Tsopano chithunzicho ankangochitumiza kwa mmisiri wosema mano, chipewa n'kubwera chokwana ngati chinamera pomwepo.

"Lumani," anatero Dokotala. "Ayi, osatulutsa chibwano. Lumani mmene mumalumira masiku onse."

Nesi analowa foni ili m'manja. Anali mayi wachikulire amene anagwira naye ntchito kuyambira chipatalacho chili chipinda chimodzi, ndipo sankalowetsa foni wodwala ali pampando. Dokotala ataona nkhope yake anavula magolovesi n'kutuluka pakhonde.

Woimbayo anali dokotala woyeza mitembo, mkulu wa ku mochale. Mawu ake anali otopa koma aulemu.

"Adokotala, ndamva kuti mmodzi mwa osowawa ndi mlongo wanu. Pepani kwambiri. Zoyeza magazi zimapita kutali, zitenga nthawi. Koma mukudziwa kuti mano moto suwamaliza msanga, makamaka akumbuyo. Tili ndi mmodzi amene anapezeka cha kushedi yowotcherera. Mukanabweretsa khadi lake la mano, kapena chithunzi cha ekisileyi, tikanayerekeza."

"Alibe khadi," anayankha Dokotala.

"Ngakhale lakale?"

"Sanali wodwala wanga. Ndi mlongo wanga."

Dokotala anayang'ana m'chipinda kudzera pakhomo. Mphunzitsi uja anali akulozera Nesi mano ake pakompyuta, akudabwa kuti ndi achikasu chonchi, ndipo sikana inali itagona pambali pake.

"Dikirani," anatero. "Mwina ndili nako kanthu."

Nkhani yake inali yotere. Sikana itangofika, munthu wa kukampani amene anabwera kudzawaphunzitsa anawalangiza kuti asayambire pa odwala, ayambe aphunzirira pa anthu apakhomo mpaka dzanja lizolowere. Ndiye masabata amenewo aliyense wodutsa pakhomo pa chipatala anali pangozi. Mlonda anakhazikidwa pampando. Mwamuna wa Nesi, amene anangobwera kudzasiya makiyi, anakhazikidwa. Wokonza mapaipi, mayi wogulitsa nthochi, onse anayasamula. Poti sanali odwala, sanawalembe mayina. Onse anawaunjika malo amodzi pakompyuta, pamwamba pake n'kulembapo kuti Zoyeserera.

Mzime anabwera m'masiku omwewo kudzawotcherera chitseko cha geti la pachipatalapo, ndipo nayenso sanapulumuke.

Mphunzitsi atapita, Dokotala ndi Nesi anatsegula Zoyesererazo. Makamwa opanda nkhope anayamba kutuluka limodzi pambuyo pa linzake, onse akumwetulira kumwetulira kofanana kwa chigaza. Ena anali osamalizidwa, odukaduka, a nthawi imene dzanja linali lisanakhwime.

"Awa ndi a mlonda, taonani fodya," anatero Nesi motsitsa mawu. "Awa ndi a bambo a kunyumba kwanga. Mpata uwu ndi umene anandinyengera nawo."

Dokotala sanaseke, ndipo Nesi anachita manyazi. Anapitiriza kutembenuza mano ndi chala. Apa ndi pamene anaona chinthu chimene sanachiganizirepo: mano a kutsogolo a mlongo wake sankawadziwa. Munthu woseka tsiku lonse ngati Mzime, woseka mpaka kugwira pamimba, koma akamufunsa ngati mano ake anali otalikirana kapena opanikizana, sakanayankha. Odwala ake ankawazindikira ndi mano ngakhale atakumana nawo mumsika dzina ataliiwala. Koma Mzime akamaseka, iye ankaona Mzime basi.

Kenako linatuluka kamwa lina, analitembenuza kuti aone pansi, kumanzere, ndipo chala chake chinaima. Dzino lotafunira lachiwiri kuchokera kumapeto linali lobenthuka theka, m'mphepete mwake muli chakuthwa.

"Ndi uyu," anatero.

Dzino limenelo ankalidziwa bwino. Mzime ankatsegula mabotolo ndi mano ngati chotsegulira chinaletsedwa ndi boma, ndipo tsiku lina botolo linabwezera. Tsiku la geti lija, atatsika pampando, analoza pakompyuta n'kunena kuti, "Achemwali, ndi limeneli. Likundicheka lilime. Simungandiveke kachipewa ngati mabwana anuwa?"

"Ndikuveka," anamuyankha. "Chithunzi ndajambula kale. Ubwere ndikadzapeza mpata."

Koma mpata wa wachibale m'chipatala umakhala pambuyo pa wodwala womaliza, ndipo wodwala womaliza akamatuluka msana umakhala utauma, zida zili mumphika wozitenthetsera, mutu uli kunyumba. Mzime ankabwera ndi ovolosi yake yonunkha utsi, kukhala pabenchi, kuseketsa Nesi, kuwerenga zithunzi za pakhoma. Dokotala ankasuzumira n'kunena kuti, "Iwe, lero ayi. Tiyese sabata yamawa." Iye ankadzuka akuseka, amvekere, "Woumba mbiya amadyera m'phale, achemwali, ine ndine phale lanu." Panalibe mkangano, panalibe kukwiya. Patapita miyezi anasiya kubwera, ndipo Dokotala anangoti ndiye kuti lilime lazolowera.

Analongedza sikana ndi laputopu m'chikwama, anaikamo kagalasi ka m'kamwa ndi kachitsulo kosongoka kofufuzira mano. Nesi anafuna kumuperekeza, koma iye anakana. Anamuuza kuti aimbire odwala amasana, awapepese.

Kunja kwa mochale anthu anali atakhala m'mphepete mwa mpanda, ena pansi, ena pamiyala, mabotolo a madzi ali pambali. Sankalira. Ankangotsatira ndi maso aliyense wovala zoyera, ndipo Dokotala anadutsa pakati pawo atawerama ngati wawabera kanthu. Mkati munali khonde lalitali la matailosi, mozizira, ndipo pansi pa fungo la mankhwala panali fungo lina limene mphuno yake inalimva koma mutu wake unakana kulitchula.

Mkulu wa ku mochale anali bambo wamfupi wa imvi, wovala majombo a labala. Anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndaphimba paliponse," anatero. "Ndasiya pakamwa pokha, ndipo nsagwada ndazimasula kale. Muona mano basi, ngati kuntchito kwanu. Mukafuna kutuluka, tulukani, palibe amene akuwerengereni."

Zinalidi choncho. Patebulo lachitsulo panali nsalu yobiriwira kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ndipo pamalo amodzi panali bowo. Dokotala anaika laputopu patebulo lina, anatsegula chithunzi cha Mzime, anavala magolovesi. Manja ake sanagwedezeke ngakhale pang'ono. Iye mwini anawayang'ana modabwa, ngati ndi a munthu wina amene wamubwereka.

Mano a kutsogolo anali atang'aluka ndi moto, akuda. Sanachedwe nawo. Analowetsa kagalasi, n'kulunjika pansi, kumanzere, lachiwiri kuchokera kumapeto.

Dzinolo linali lathunthu. Linali lovekedwa chipewa choyera, chosalala, chochita mwaye pang'ono koma chosasweka.

Analiyang'ana, anapukuta kagalasi, analiyang'ananso. Kenako anamva mawu ake omwe akutuluka.

"Si iye."

"Adokotala, tiyeni tiyambe ta…"

Koma iye anali atavula kale magolovesi, ali pakhonde, foni ili kukhutu. Masiku onse aja sanathe kuwapatsa amayi ake kanthu kalikonse, ngakhale misozi yoti alire nawo limodzi. Tsopano anali ndi kanthu m'manja, ndipo anathamanga nako ngati mwana amene watola ndalama panjira.

Amayiwo khutu lawo limodzi silinkamva bwino, ndiye foni ankaiika pokweza kuti nyumba yonse imve.

"Amayi, ndili ku mochale. Ndamuona munthu uja ankamuganizira. Si Mzime."

Pafoni panamveka mpando ukukwekwereza pansi.

"Ukuti chiyani? Bwereza, mwana wanga."

"Si iye, amayi."

"Wadziwa bwanji? Akuti anthuwo sakuoneka nkhope."

"Dzino. La Mzime lija n'lobenthuka, pansi kumanzere. La munthu uyu n'lokonzedwa bwinobwino, analiveka chipewa."

"Ndinanena ine!" Mawu a amayiwo anakwera mpaka foni inanjenjemera. "Ndinanena! Mulungu si munthu! Mwamva, apongozi? Mwamuna wanu ali moyo! Itanani anzathu a kuseriku, auzeni!"

Dokotala anamva zitseko zikumenyeka, mapazi akuthamanga, wina akufuula kunja. Mawu a mlamu wake sanawamve, koma sanaganizepo kanthu, poti mtsikanayo ndi kale lonse anali wa mawu ochepa. Anadula foni n'kutsamira khoma. Ankayembekeza kuti chimwemwe chimupeza pamenepo. Chimene anamva ndi kuzizira kwa matailosi kumsana.

Atabwerera mkati anapeza mkulu uja ataima pomwe anamusiya, manja ali kumbuyo.

"Mwaimba kale kunyumba?" anafunsa.

"Ndaimba."

Mkuluyo anayang'ana majombo ake kwakanthawi. "Chabwino. Komabe poti chipangizo mwabwera nacho, tijambulireni. Munthuyu ali ndi abale ake pampanda paja. Chithunzicho chikhoza kutithandiza."

Dokotala anavalanso magolovesi, anaveka sikana kapulasitiki katsopano, n'kuyamba. Pamwamba pa mano, mkati cha kulilime, kunja cha kutsaya. Tche tche tche. Sanajambulepo kamwa losavuta ngati limenelo. Munalibe malovu ophimba kagalasi, munalibe lilime lokankha chipangizo, panalibe wofuna kumeza kapena kukamba nkhani. Mano anamera pakompyuta msangamsanga, oyera bwino akumbuyo, ophwanyika akutsogolo, ndipo iye anazindikira kuti akuganiza zoti chithunzichi chatuluka bwino. Anadzida chifukwa cha ganizo limenelo, koma ngakhale kudzidako kunali kwa patali.

"Taziphatikizani ndi za mlongo wanu zija," anatero mkuluyo mofatsa. "Kuti ndikamati si iye, ndikhale nditaona ndi maso anga."

Kompyutayo inali ndi njira yosanjikiza zithunzi ziwiri za kamwa, chakale pansi, chatsopano pamwamba. Dokotala ankaigwiritsa ntchito poonetsa odwala okukuta mano mmene mano awo aperesekera chaka ndi chaka. Pamene zithunzi zagwirizana pamaoneka zobiriwira, pamene zasiyana pamafiira. Mano a anthu awiri osiyana sagwirizana n'komwe, kompyuta imangozungulirazungulira kenako n'kukana.

Anadina. Zithunzi ziwirizo zinayandikirana, zinatembenuka pang'ono, n'kulowana ngati chivindikiro pa poto wake.

Kubiriwira kunayambira kumanja, dzino lakumapeto, kenako linzake, kenako linzake. Timapiri tonse ta pamwamba pa mano, timaenje tonse, kadzino kena kopendekera mkati kamene iye sanakaonepo n'kale lonse, zonse zinabiriwira. Kunadumpha akutsogolo ophwanyika aja n'kupitirira kumanzere. Pakati pa msipu wonsewo panatsala kachilumba kamodzi kofiira, pansi, lachiwiri kuchokera kumapeto.

Dokotala anafufuta n'kuyambiranso. Anajambulanso nsagwada yapansi yonse, modekha, ngati wophunzira pamayeso. Anadinanso. Zinatuluka chimodzimodzi.

Zimenezi dokotala wa mano aliyense amazidziwa asanamalize n'komwe sukulu: dzino lokonzedwa silingabwerere kukhala losakhudzidwa, koma lobenthuka likhoza kukonzedwa tsiku lililonse, ndi aliyense amene ali ndi mpando ndi nyali. Phunzirolo sanaliiwale. Chimene sichinamufikepo m'mutu n'choti Mzime angakayasamule pampando wa munthu wina. Kwa iye dzinolo linali lake, ntchito yake yoimikidwa, yomudikira mpaka adzapeze mpata.

Anatenga kachitsulo kosongoka kaja n'kukayendetsa m'mphepete mwa chipewacho, pamene chimakumana ndi dzino. Pamenepo ndi pamene mmisiri wosasamala amagwidwira, kachitsulo kamakodwa. Anazungulira kutsogolo, kumbuyo, mkati. Ankafuna kakodwe. Ankafuna apeze kampata, kaphompho, chilichonse choti anene kuti taonani zimene anamuchita mlongo wanga. Kachitsulo kanangotsetsereka. Inali ntchito yabwino, ya munthu amene anakhala pansi n'kuipatsa nthawi.

"Ndi iye," anatero.

"Pepani, adokotala."

"Zikomo."

"Kodi pali woti akuyendetseni? Ndikhoza kukupezerani dalaivala."

"Ndiyendetsa ndekha."

Anapukuta sikana ndi mankhwala monga ankachitira pambuyo pa wodwala aliyense, anakulunga chingwe bwinobwino, anatseka laputopu. Asanatuluke anaima pambali pa tebulo lija. Anaganiza zoika dzanja pansalu yobiriwirayo, pamene panayenera kukhala phewa, koma sanadziwe chimene dzanjalo likapeze pansi pake. Anangokonza ngodya ya nsaluyo imene inali itapindika.

Panjira anaima pamaloboti onse, ngakhale pamene ena ankadutsa. Foni inalira kangapo pampando wa pambali: azakhali, msuweni, nambala zina zosadziwika. Nkhani yabwino inali itayenda kale, ndipo madzi akatayika saoleka. Anayesa kukonza mawu oti akanene. Tsiku ndi tsiku ankauza anthu zinthu zosakoma, kuti ili silingapulumuke, tilizula, ndipo ankadziwa kuyamba ndi mawu ofewa. Koma mawu onse amene ankawapeza anali a kuchipatala, ndipo palibe ndi amodzi omwe amene akanalowa m'khutu mwa amayi ake.

Dzuwa linali lisanapendeke kwenikweni pamene anafika. Asanazime injini anamva nyimbo ikuchokera m'nyumba, mawu a amayi angapo, ndi kuwomba m'manja. Panja pa geti, pakakhoma ka ngalande, panakhala mlamu wake, manja ali pamiyendo, akadali onyowa ndi madzi a mbale.

Dokotala anatsika n'kuima patsogolo pake. Mtsikanayo sanadzuke, sanapereke moni. Anayang'ana chikwama cha sikana, kenako nkhope ya Dokotala.

"Alamu," anatero, "chipewacho n'choyera?"

"N'choyera."

"Pansi, mbali iyi?" Anagwira tsaya lake lakumanzere.

"Mbali imeneyo."

Mlamuyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo umene ankaudziwa kale. Misozi inayamba kutsika yokha, nkhope osasintha.

"Anakakonzetsa kwa dokotala uja wa pamwamba pa sitolo ya nsapato," anatero. "Linayamba kumuwawa. Ankatafunira mbali imodzi, madzi ozizira osamwa. Ine ndinamuuza kuti pita kwa achemwali ako ukawauze kuti tsopano likupweteka. Anati ayi, achemwali ali ndi anthu ambiri, ndisawapanikize. Atakonzetsa anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Anati mungadandaule."

Dokotala anamva mawu onsewo bwinobwino, limodzi ndi limodzi. Anadikira kuti amulase. Anangolowa n'kukhala pansi mkati mwake, ngati anthu a pampanda aja.

"Ndiye munadziwa pafoni pomwe paja," anatero.

"Ndinadziwa."

"Amayi mwawauza?"

"Ine ndingayambire pati, alamu? Iwo amva kwa dokotala."

Dokotala anasiya chikwama chija pambali pa mlamu wake n'kukankha geti. Chitseko chinatseguka mosalira, poti nachonso anachikonza ndi Mzime.

M'nyumba munali mutasintha. Makatani anali otsegula, mpando uja unali utachoka pawindo n'kubwerera pamalo pake. Pabalaza panali amayi oyandikana nawo nyumba, akuimba, wina akuthira tiyi m'makapu a alendo amene Dokotala ankawasunga m'kabati. Atamuona anakweza nyimbo, wina anamukumbatira, wina amvekere, "Alowe dokotala wathu!" Iye anadutsa pakati pawo akugwedeza mutu mwaulemu.

Amayi ake anawapeza kuchipinda chodyera. Anali atasamba, atavala diresi yawo ya maluwa, ndipo patebulo anayala bulangete n'kumasita malaya a Mzime amene mkazi wake anabwera nawo m'chikwama. Masiku onse aja ankayenda mokoka miyendo, koma tsopano anazungulira tebulo ngati mtsikana, n'kumugwira manja onse awiri.

"Manja awa," anatero akuwapsinja. "Abambo ako ankati sukulu ya mano ndi sukulu yanji, ine ndinati musiyeni mwana. Lero ndi ano. Anthu akanatipatsa mtembo wa eni ake, ife n'kulira, n'kuika m'manda, mwana wanga ali moyo kwinakwake akumva njala."

"Amayi, khalani pansi."

"Ndakhala mokwanira, miyendo inachita kutupa. Tamvera. Mawa m'mawa amalume ako ayamba kuzungulira kwa anzake onse. Ameneyo akangomva kuti palibe amene akumuimba mlandu, atulukira yekha, ndikumudziwa." Anaseka, kenako anamuloza chala, mwa nthabwala koma motsimikiza, mmene ankachitira ana awo ali aang'ono. "Koma iwenso, dokotala wamkulu, mlongo wako kuyenda ndi dzino lobenthuka chaka chonse, anthu aziti chiyani? Lero latithandiza, inde. Koma akangolowa pakhomo pano, tsiku lomwelo umukhazike pampando umukonze. Zoti sabata yamawa ndisazimvenso. Wamva?"

Dokotala anagwada pansi, manja ake akadali m'manja mwa amayi ake. Kuchokera pamenepo ankaona m'mphepete mwa tebulo, mkono wa malaya ukulendewera, ndi chingwe cha simbi.

"Linakonzedwa kale, amayi," anatero. "Anakakonzetsa kwina. Ine sindinkadziwa."

Amayiwo anapitiriza kumwetulira. Anamuyang'ana, mutu utapendekera kumbali ya khutu lawo labwino, ngati akudikira kuti amalize nkhaniyo. Kenako milomo yawo inayamba kuyenda yokha, ikubwereza mawu a pafoni aja: pansi, kumanzere, analiveka chipewa. Manja awo anamasuka pang'onopang'ono.

Pabalaza nyimbo inali ikupitirira, ndipo wina anafuula kufunsa ngati adokotala amamwa tiyi wa shuga. Amayiwo anatembenuka, anafufuza pakhoma ndi dzanja mpaka anapeza swichi, n'kuzimitsa simbi.